Nyama Yopanda Fupa

Lidali Lamulungu la mwezi wa February, nyengo imene chimanga chimakhala chitamasula m'minda koma nkhokwe zili pululu. Tidapita kukapereka nsembe ya Misa ku katchalitchi kena ka kumudzi, kutali ndithu ndi parishi. Mwambo utatha, akuluakulu a mpingo adatiuza kuti chakudya chamasana atikonzera kunyumba ya mayi wina wamasiye, poti mphakati wao ndiwo udali ndi udindo wolandira alendo tsiku limenelo. Tidalondola kanjira ka m'chimanga mpaka pa kanyumba kofolera ndi udzu, pabwalo posesedwa bwino. Mtsikana adadza ndi madzi osamba m'manja, nagwada. Pambuyo pake padabwera mbale ziwiri zovundikira. Tisanavundukule n'komwe, mayi aja adagwada pakhomo nayamba kupepesa.

"Pepani Abambo, nkhuku zathu zonse zidatha ndi chitopa mwezi wathawu. Tangokuphikirani tinyama ta soya. Musatiseke."

Adalankhula maso ali pansi, ngati munthu amene wadza kudzalapa tchimo lalikulu. Ife tidayankha monga amayankhira mlendo aliyense woleredwa bwino, kuti asadandaule, ndipo tidadya. Ndiwozo zidali zokoma, zokazingidwa ndi anyezi ndi tomato, ndipo nsima tidaitsiriza yonse. Koma pobwerera, njinga yamoto ikuterereka m'matope, mau aja adatitsata njira yonse. Kodi manyazi a mayi aja adali ndi maziko? Kodi nyama ya soya ndi yoperewera motani poiyerekeza ndi nyama yeniyeni? Funso limeneli liyenera kuyankhidwa moona, awerengi athu okondedwa, chifukwa m'mabanja ambiri, m'tauni ndi m'midzi momwe, ndiwo imeneyi imafika pamphasa kangapo pa sabata, ndipo kawirikawiri imafika pamodzi ndi mau opepesa.

Tiyambe ndi kuvomera kuti nyama timaikonda. Chiyankhulo chathu chili ndi mau akeake onena za njala ya nyama, ndiwo nkhuli. Munthu angathe kukhuta nsima ya nkhwani wotendera mpaka kulephera kudzuka, komabe n'kudandaula kuti nkhuli yamugwira. Ife tili ana, nyama tinkaidya pa Khirisimasi, pa Pasaka, pa ukwati, kapena kukabwera mlendo. Mlendo tinkamuthamangira kukamulandira katundu ndi chimwemwe chachikulu, pakuti tinkadziwa kuti tambala wina salira mawa. Iye ankalandira ntchafu ndi nthutumba, ife ana tinkagawana mutu, khosi ndi zipalapasiro, ndipo fupa tinkaliphwanya mpaka kuliyamwa. Motero m'mitima mwathu nyama idalumikizana ndi ulemu ndi chikondwerero. Kuphera munthu nkhuku ndiko kumuuza kuti iye ndi wamtengo wapatali koposa chuma chathu. Izi ndizo mayi aja ankalira kuti alephera kunena.

Komatu kufunafuna cholowa m'malo mwa nyama sikudayambe dzulo. Mvula ikagwa, amayi athu ankalawirira kuthengo kukazula bowa pa zulu ndi pansi pa mitengo. Utale wophikidwa bwino umatafunika ngati mnofu wa nkhuku, ndipo wina ankaufutsa kuti udzathandize m'chilimwe. Palinso chinaka, chimene abale athu a ku Zambia amachitcha chikanda, chopangidwa ndi timizu ta maluwa a kuthengo, nsinjiro ndi chidulo. Chikapsa chimadulidwa ndi mpeni ngati chiwindi. Makolo athu adadziwa kalekale kunyenga nkhuli popanda kukhetsa magazi.

Maiko enanso adayenda njira yomweyo. Ku China, amonke a chipembedzo cha Buddha, amene mwambo wao umawaletsa kupha chamoyo, akhala akupanga ndiwo zofanana ndi nyama kuchokera ku soya ndi tirigu kwa zaka mazana ambiri. Ku America, dokotala wina wa mpingo wa Seventh-day Adventist, John Harvey Kellogg wa ku Battle Creek, adapanga nyama ya mtedza yotchedwa Nuttose m'chaka cha 1896. Tinyama touma timene timagula m'timapaketi lerolino tidatulukiridwa m'zaka za m'ma 1960 ndi kampani ya Archer Daniels Midland, ya ku America komweko. Ku Britain, m'chaka cha 1985, adayamba kugulitsa Quorn, yopangidwa kuchokera ku mtundu wina wa nkhungu, mbale wake wa bowa. Ndipo mu 2016 kampani ya Impossible Foods idatulutsa nyama ya zomera yooneka yofiira ngati ili ndi magazi. Alimi a soya a ku Mchinji, Kasungu ndi Dedza angadabwe kumva kumene nzeruyo idachokera. Mukazula soya n'kuswa timatuza ta kumizu, mumaona kuti m'kati mwake ndi mofiirira. Chofiiracho ndicho akatswiri aja adaphunzira kupanga chochuluka kuti nyama yao imveke ngati ya ng'ombe.

Kapangidwe ka tinyama tathuti sikovuta kumvetsa. Nyemba za soya amaziyenga kuti achotsemo mafuta ophikira. Zotsalazo amazipera kukhala ufa, ufawo amaunyowetsa naulowetsa m'makina otentha kwambiri amene amaufinya mwamphamvu kudzera pa timabowo. Potuluka umafufuma n'kukhala ndi timaulusi ngati ta mnofu, kenaka amaudula nauumitsa. Mulibe matsenga, mulibenso nyama ya chilombo chosadziwika, monga agogo ena ankaopera pamene ndiwoyi idayamba kufala. Ndi nyemba basi, zovekedwa malaya ena.

Tsono tiyeni tiziyerekeze ziwirizi, ndipo tiyambire pakamwa. Apa tisanamizane: nyama ya soya siingapambane mbuzi. Ilibe mafuta amene amasungunuka m'mphika, ilibe fupa lotulutsa msuzi, ilibe fungo lija limene limauza mudzi wonse kuti kwa auje lero zinthu zili bwino. Payokha ndi yozizira. Ili ngati chinkhupule, imamwa chilichonse chimene mwaipatsa. N'chifukwa chake kukoma kwake kuli m'manja mwa wophika. Amene amangoiponya m'madzi n'kuwiritsa amaika patebulo chinthu chonga thonje lonyowa. Amene amaiviika m'madzi otentha, kuifinya, kuikazinga mpaka ifiire, kenaka n'kuthira anyezi, tomato, kambuzi pang'ono kapena nsinjiro, amaika ndiwo imene mwana amanyambita nayo mbale. Mayi wamasiye uja adali wa gulu lachiwirili.

Tikalowa m'thupi, nkhani imasintha. Ntchito yaikulu ya nyama ndiyo kumanga thupi ndi mapuloteni. Mu magalamu 100 a mnofu wa ng'ombe wosaphika muli magalamu pafupifupi 20 a mapuloteni. Ufa wa soya wochotsedwa mafuta uli ndi pafupifupi 50. Inde, tikauviika umamwa madzi n'kulemera kawiri kapena katatu, motero m'mbale chiwerengerocho chimatsika, koma chimafika pafupi ndi cha nyama. Mapuloteniwo ali ndi timagawo 9 timene thupi silingathe kudzipangira lokha, ndipo soya ali nato tonse. Pali kagawo kena kotchedwa lysine kamene kamachepa m'chimanga koma n'kochuluka mu soya, pamene kena kotchedwa methionine kamachepa mu soya koma chimanga chili nako. Tingati nsima ndi soya ndi banja limene mwamuna ndi mkazi amakwaniritsana. Nzeru yomweyi ndiyo ili mu Likuni Phala, ufa wa chimanga wosakaniza ndi soya, umene dzina lake lidachokera ku mishoni ya Likuni pafupi ndi Lilongwe, ndipo walera ana osawerengeka m'dziko muno.

Soya alinso ndi zabwino zina zimene nyama ilibe. Alibe mafuta aja amene amaundana m'mitsempha ya magazi, ndipo ali ndi timagaga tothandiza m'mimba. M'chaka cha 2015, nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la World Health Organization idalengeza kuti nyama yokonzedwa m'mafakitale, monga soseji, imayambitsa khansa ya m'matumbo, ndi kuti nyama yofiira nayonso ikukayikitsa. Chenjezo limeneli n'la iwo amene amadya nyama tsiku ndi tsiku. Abale athu a m'tauni amene Mulungu adawadalitsa ndi firiji yodzaza angachite bwino kupumitsa mitima yao ndi mbale ya soya masiku ena.

Koma pali zinthu ziwiri zimene kholo lililonse liyenera kudziwa, chifukwa apa ndi pamene nyama ya soya imapunduka. Choyamba ndi vitamini B12, amene amathandiza kupanga magazi ndi kusunga mitsempha ya ubongo. Iyeyu amapezeka m'nyama, nsomba, mazira ndi mkaka. Mu soya mulibe, pokhapokha opanga atachita kuthiramo. Mayi woyembekezera, mayi woyamwitsa ndi mwana wamng'ono akamusowa kwa nthawi yaitali amavulala mosaonekera msanga. Chachiwiri ndi ayironi, amene kusowa kwake kumadzetsa matenda a kuchepa magazi. Soya ali naye ndithu, koma thupi limavutika kumuyamwa poyerekeza ndi wa m'nyama. Mwayi wake ngwakuti tomato, mandimu, magwafa ndi malambe zimathandiza thupi kumuyamwa, pamene tiyi womwera pa chakudya amatsekereza. Tionjezepo za mchere: timapaketi tambiri timabwera kale ndi zokometsera zamchere, ndiye wodwala matenda othamanga magazi asathirenso dzanja lonse.

Izi sitikuzinena mongocheza. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko lathu wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka 5 adali opinimbira. Alangizi a zaumoyo akamatiphunzitsa za magulu 6 a zakudya, amaika nyemba ndi soya pa gulu lao, zakudya zochokera ku nyama pa gulu linanso. Gulu limodzi silingafafanize linzake. Komabe kutseka mpata umenewu sikulira ng'ombe. Kambale ka usipa, matemba, bonya, dzira limodzi, kapu ya mkaka, ngumbi kapena mbewa pa nyengo yake, zikamapezeka kangapo pa sabata pambali pa soya, mwana amakula bwino. Usipa, poti timadya ndi minga yomwe, umalimbitsanso mafupa.

M'thumba namo soya amapambana mosavuta. Mtengo wake ndi wotsika koposa wa nyama, amasungika miyezi popanda firiji, ndipo amapsa m'mphindi zochepa, pamene nyemba zimatha mtolo wa nkhuni. Mayi amene wachokera kumunda dzuwa litapendeka angathe kudyetsa ana asanagone ndi njala. Chimatimvetsa chisoni n'chakuti mlimi yemwe amalima soya nthawi zambiri amagulitsa yense kwa mavenda pokolola, pamtengo wolira, kenaka n'kumagula soya yemweyo m'kapaketi chaka chonse. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, adatero akuluakulu. Bwanji osasungako ndowa imodzi kapena ziwiri? Soya wokazinga bwino n'kugayitsa pamodzi ndi chimanga ndi phala la ana la m'mawa uliwonse. Kungoti asadyedwe wosapsa, chifukwa wamuwisi ali ndi zinthu zolepheretsa thupi kugaya mapuloteni, zimene moto wokha umazithetsa.

Ena amaonjezapo nkhani ya chilengedwe, ndipo ali ndi mfundo. Bungwe la FAO lidawerengera mu 2013 kuti ziweto zimatulutsa magawo 14.5 pa 100 a mpweya wotenthetsa dziko umene umachokera ku ntchito za anthu. Ndiponso soya amasiya chonde m'nthaka. Koma mlandu umenewu tisaukankhire pa mbuzi ya agogo imene imadya masamba ndi makoko amene munthu sangadye, n'kupereka manyowa ndi fizi ya mdzukulu.

Nanga pa nkhani ya kusala? Malamulo a Mpingo a 1983, potsata zimene Papa Paulo VI adakonza mu 1966, amatipempha kusala nyama masiku a Lachisanu, makamaka m'nyengo ya Lenti, ndiponso Lachitatu la Phulusa, kuyambira munthu wa zaka 14. Tikukumbuka Lachisanu lina la Lenti tili ku seminale, pamene m'malo mwa nyemba za masiku onse adatipatsa nyama ya soya. Chimwemwe chidali chachikulu, koma mnzathu wina wachikumbumtima chanthete adakana kudya, nati kumeneko n'kunamiza Mulungu. Mkangano udakula mpaka tidautengera kwa wansembe wina wokalamba amene ankatiphunzitsa. Iye adatifunsa kuti, "Kodi chaphedwa n'chiyani?" Tidati palibe. "Ndiye lamulo simudaswe," adatero. Ife tidayamba kumwetulira, koma iye adaonjeza funso lina: "Nanga inu amene mwakondwera chotere, lero mwasala chiyani?" Tidabalalika mwakachetechete.

Funso lachiwirilo likadali nafe. Lamulo limanena za nyama chifukwa kuyambira kale nyama ndiyo idali chakudya cha phwando. Amene amasiya nkhuku Lachisanu n'kugula chambo chodula koposa nkhukuyo wasunga mau a lamulo, koma mtima wake sudamve kanthu. Ndipo banja limene limaona nyama kanayi pa chaka lili m'Lenti kuyambira January mpaka December. Iwowa sitingawaphunzitse kusala, ndiwo angatiphunzitse ife. Kwa amene tili nazo, kudya soya Lachisanu kumapeza tanthauzo pamene ndalama imene tapulumutsayo yasanduka usipa kapena mazira m'mbale ya mwana wa mnansi wathu.

Tsopano tibwerere ku manyazi aja. Tonse tikuidziwa nkhani ya Isaki, amene atakalamba ndi kuchita khungu adalakalaka nyama yakuthengo. Rebeka adaphika tiana tiwiri ta mbuzi mokometsera, Yakobo adavala zikopa m'manja, ndipo nkhalambayo idadya n'kudalitsa mwana amene sidamuyembekeze. Chakudyacho chidalibe vuto, mbuzi ndi ndiwo yabwino. Choipa chidali bodza limene lidalowa nacho m'hema. Ife tikuganiza kuti tsoka la soya lagonanso pa dzina. Tidamutcha nyama, pa kapaketi tidajambulapo nkhuku kapena ng'ombe, ndipo kuyambira pamenepo timamuweruza ngati nyama yolephera. Nyemba sizidanenepo kuti ndi nkhuku, n'chifukwa chake palibe amene amazitcha zabodza. Dzina lobwerekali limavulaza pawiri. Limanyenga kholo kuganiza kuti mwana wadya nyama ndiye dzira silikufunikanso, ndiponso limachititsa manyazi wophika, ngati wapereka chinthu chachinyengo. Tikamutcha soya dzina lake, timaona chimene iye ali: ndiwo yabwino, yomanga thupi, yotsika mtengo, yolimidwa m'minda yathu, imene imangofuna bwenzi laling'ono lochokera ku nyanja kapena ku khola.

Pano ife ansembe tiyenera kudziguguda pachifuwa. Tatha nkhuku zambiri m'midzi muno. Kangati takhala pa mpando m'nyumba, tikulimbana ndi ntchafu, ana a pakhomopo akusuzumira pazenera kudikira chimene chitsale? Kangati thadzi limene likadaikira mazira chaka chonse lafera mlendo amene dzulo lake adadyanso nyama? Sitikunyoza mwambo wolandira alendo; ndi chuma chimene mitundu ina idataya ndipo ikuchilira. Koma chimene chimalemekeza mlendo m'nkhuku ija ndi mtima umene wadzimana. Mayi wamasiye amene m'mwezi wa njala watenga ndalama yake yotsiriza, n'kugula kapaketi ka soya, mafuta a m'kapulasitiki ndi anyezi mmodzi, wadzimana koposa mwini khola la nkhuku makumi asanu. Ulemu umene ankaopa kuti walephera kupereka udali m'mbale muja wathunthu. Ife ndife tidalephera kumuuza zimenezi momveka. Tidangoti asadandaule, ngati tikumukhululukira.

Patapita miyezi ingapo tidayenera kupitanso ku katchalitchi kaja, ndipo tidamva kuti mayi aja apatsidwa thadzi limodzi ndi mlongo wao, ndipo akulisungira ife. Tidatuma akatekisiti kuti akawapemphe mwaulemu kuti nkhukuyo ikhale ndi moyo, atiphikirenso ndiwo zomwe zija. Tidadziwa kuti pempholi lingathe kuwapweteka, pakuti mlendo sasankha ndiwo. Akatekisiti adabwera ndi yankho lakuti mayiwo adakhala chete nthawi yaitali, kenaka adati, "Abambo akufuna anthu azinditcha woumira. Chabwino, ndamva."

Tsikulo litafika, mtsikana yemwe uja adadza ndi madzi, nagwada. Mbale zidabwera zovundikira monga kale. M'mbale ya ndiwo mudali soya wokazinga, wothira nsinjiro, ndipo pambali pake dzira limodzi lowiritsa. Titasuzumira kukhitchini tidaona ana atatu atazungulira mbale yao, aliyense ali ndi dzira lake m'manja. Mayi aja adagwada pakhomo, nationa m'maso, nati, "Abambo, chakudya chapsa. Tipempherereni." Mau opepesa padalibe. Panja, pansi pa nkhokwe, thadzi lija linkapalasa.